Nthano Ikagwa M'manja mwa Kamera

Kwa zaka zoposa khumi tsopano, kampani ya Disney yakhala ikufukula nthano zakale za ku Ulaya, zimene inazionetsapo kale m'makatuni, n'kuziseweretsa ndi anthu enieni. Maleficent inatuluka mu 2014, Cinderella mu 2015, Beauty and the Beast mu 2017, The Little Mermaid mu 2023, ndipo Snow White mu 2025. Ndalama zake si zamasewera: Beauty and the Beast yokha inabweretsa madola oposa biliyoni imodzi. Mafilimu otere sayenda ndi pasipoti. Amadutsa m'mafoni ndi m'mamemore khadi mpaka kufika pa Nchalo, pa Ngabu ndi ku Bangula. Mnyamata wa kuchigwa cha Shire amene ali ndi kamera, mutu wake wodzaza nthano za agogo, angaganize kuti njira ndi yomweyo, kungoti iye thumba ndi lobooka. Ine ndikuti njira imeneyo ndi yosocheretsa, ndipo umphawi wakewo ungamupulumutse.

Tiyambe ndi zimene wokamba nthano amachita. Akati "Padangotelo," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse," ndiye kuti apangana: iye apereka mawu, iwo apereka zithunzi. Akanena za fisi amene anadzisandutsa mnyamata wooneka bwino kuti akafunsire mbeta, safotokoza kuti makutu anafupika bwanji kapena mchira unalowa kuti. Mwana aliyense amaumba fisi wake m'mutu, ndipo fisiyo amaopsa mokwanira chifukwa womuumba ndi mwini mantha. Kamera ilibe mwayi umenewo. Ikaloza, iyenera kuloza chinthu, ndipo onse oonera amalandira fisi mmodzi, wa ubweya womwewo ndi mano omwewo. Choncho luso lonse losandutsa nthano kukhala filimu ya anthu lagona pa kusankha chimene chioneke ndi chimene chitsalire m'mutu mwa woonera.

Pali nthano imodzi, ya mtsikana ndi chilombo ya mu Beauty and the Beast, imene inajambulidwa m'njira ziwiri zotiphunzitsa zambiri. Mu 1946, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, zinthu zili zosowa, Jean Cocteau wa ku France anatulutsa La Belle et la Bête. Nyumba ya chilombo anaidzaza mdima. M'khonde mwake mikono ya anthu enieni yatulukira m'khoma itagwira makandulo, eni mikonoyo osaoneka. Nkhope zooneka ngati zosema pamalo osonkhapo moto ndi za anthu amoyo, maso awo akulondola mlendo kulikonse kumene walowera. Josette Day, amene akusewera ngati mtsikanayo, podutsa m'khonde sakweza phazi. Anamuimika pa kangolo kobisika n'kumamukoka pang'onopang'ono, makatani akuuluzika m'mbali. Chilombo ndi Jean Marais, amene ankakhala maola ambiri akumatidwa ubweya kumaso, koma maso ndi akeake, ndipo chisoni chonse cha nthanoyo chili m'masomo.

Mu 2017 Bill Condon anajambula nthano yomweyo ali ndi makompyuta ndi chuma cha Disney. Nkhope ya Dan Stevens inaumbidwanso pakompyuta. Wotchi, tiyipoti ndi choikapo makandulo zimaimba n'kuvina, kamzere kalikonse kakuoneka bwinobwino. Ponseponse pali mbee, palibe kangodya kamdima kamene woonera angaikemo mantha ake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere; pano m'kati mulibe ngakhale nyererezo. Ukatha kuonera filimu ya Condon umatama amisiri. Ukatha kuonera ya Cocteau umayamba wayatsa nyali usanalowe kuchipinda.

Ku Africa kuno alipo amene anazindikira zimenezi kalekale. Yeelen ya Souleymane Cissé wa ku Mali, imene inalandira mphoto ya oweruza ku Cannes mu 1987, ndi nkhani ya Nianankoro, mnyamata wothawa bambo ake, Soma, amene akufuna kumupha poopa mphamvu zake. Chida cha Soma ndi munsi wokulungidwa m'nsalu, wonyamulidwa ndi amuna awiri amene amadzandira ngati kuti munsiwo ndiwo ukuwakoka. Matupi a onyamulawo ndi okhawo akutiuza kuti mtengowo uli ndi moyo, ndipo timakhulupirira. Bambo ndi mwana akakumana kumapeto, Cissé sationetsa ndewu. Kuwala kumakula mpaka chithunzi chonse kuyera. Dani Kouyaté wa ku Burkina Faso, mu Sia, le rêve du python ya mu 2001, anatenga nkhani yakale ya ufumu wa Wagadu, ya nsato imene inkapatsidwa namwali ngati nsembe. Filimu yonse imayenda ndi mantha a nsato imene sitiiona, kufikira titazindikira kuti kulibe nsato, kuli ansembe ochitira atsikana nkhanza. Kusaonetsako ndiko kunanyamula uthenga wonse.

Mu 2023 Netflix ndi UNESCO anatulutsa African Folktales, Reimagined, mafilimu 6 afupiafupi ochokera ku Kenya, Mauritania, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Malawi panalibe, koma nthano zoyenera tili nazo. Titenge ya Kamdothi. Mayi wosabereka aumba mwana ndi dothi, mwanayo n'kukhala wamoyo, lamulo lili limodzi lokha: asanyowe ndi mvula. Mitambo ikachita bii, mayi amaimba nyimbo yomuitana, iye n'kuthamangira kunyumba. Tsiku lina apita patali.

Wotsanzira Disney adzasowa tulo poganiza mmene angasungunulire mwana anthu akuona. Tindalama take tidzathera pakompyuta, ndipo chotuluka chidzaseketsa ana m'malo mowaliritsa. Koma mtima wa nthanoyi uli pa mtunda wa pakati pa mayi ndi mwana, umene ukutalika tsiku ndi tsiku, ndipo mtunda ndi chinthu chimene kamera imachidziwa kuposa pakamwa. Tsiku loyamba mayi akhale pakhomo, mwana pabwalo, onse m'chithunzi chimodzi. Tsiku lachiwiri mwana akhale pa mlambe wa kumapeto kwa mudzi, nyimbo ikumveka chapatali. Lachitatu akhale kudimba m'mbali mwa Shire, nyimbo ikufika modukaduka ndi mphepo. Madontho oyamba agwere pafumbi, kenako paphewa la mwanayo, n'kusiya kamzere kofiirira kotsikira kuchigongono. Pamenepo kamera ibwerere kwa mayi, ikhale phee osasuntha, mpaka madzi amatope atadutsa pabwalo n'kufika pamapazi ake. Anthu a ku Makhanga ndi ku Bangula, amene anaona makoma a zidina akubwerera kudothi m'madzi osefukira a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, safuna kuonetsedwa zoposa pamenepo.

China chimene filimu imataya ndi kuvomera kwa omvera. Nthano yathu imayenda ndi nyimbo yolandizana, ndipo omvera akasiya kuyankha, wokamba amadziwa kuti agona. Filimu imangolankhula yokha. Komabe m'nyumba zoonetseramo vidiyo anthu anapeza kale mankhwala ake. Omasulira mafilimu m'Chichewa samasulira mawu okha: amapatsa osewera maina a kumudzi, amachenjeza woyenda kuti kutsogoloku kuli adani, amaseka wogwa, amalankhula ndi oonera. Ophunzira ambiri amati anyamata amenewa amawononga filimu, ndipo nthawi zina amawonongadi, koma abwezera wokamba nthano pampando wake. Kouyaté anachita zomwezo mwadala mu Keïta! ya mu 1995, pamene woimba mbiri wokalamba, woseweredwa ndi Sotigui Kouyaté, bambo ake enieni a wojambulayo, afika mumzinda n'kuyamba kusimbira mwana wasukulu nkhani ya mfumu Sundiata. Filimu imalowa m'nthano n'kutulukamo motsatira mawu a nkhalambayo. Wojambula wa kuchigwa asachite manyazi kuika agogo m'chithunzi, ana akuvomera, nyimbo n'kuisiya ithe yonse mpaka oonera ayambe kuyankha okha.

Nkhani yaikulu ya kuchigwa, imene wojambula aliyense angaisirire, ndi ya Mbona. Muli wovumbitsa mvula wodedwa ndi akulu ake, ulendo wothawira kummwera, zizindikiro zotsala pamiyala, mikondo yolephera kumulasa, imfa yake ku Ndione, magazi osanduka madzi, ndi mutu woikidwa ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Steve Chimombo anaikweza pasiteji m'sewero lake la The Rainmaker, losindikizidwa mu 1978. Matthew Schoffeleers, wansembe wa Katolika amene anagwira ntchito kuchigwa, anasonkhanitsa makambidwe ake angapo m'buku la River of Blood la mu 1992, ndipo makambidwewo sagwirizana: kwina mdani ndi Mlauli, kwina mlandu uli pa mfumu Lundu. Pakamwa pamalola zonsezi kukhalira limodzi, mudzi uliwonse ndi kakambidwe kake. Filimu imasankha kamodzi, ndipo mwana woonera amakatenga ngati koona kokhako. Kusankha kotere n'kuweruza mlandu wa mafumu ndi mabanja amene alipo mpaka lero.

Komanso Mbona si Cinderella. Khulubvi ndi malo amoyo, okhala ndi owasunga ndi malamulo ake, ndipo mu 2011 Malawi anawalembetsa pa mndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati chuma cha dziko lonse. Eni chipembedzochi amati Mbona amachezera mkazi wake, Salima, ali ngati nsato. Kupanga nsato ya pakompyuta ikukwawira m'kanyumba ka Salima kungakhale mwano kwa eni ake ndiponso ulesi pa luso. Udzu wogonera mbali imodzi, mzere wotsala pamchenga m'mamawa, anthu ovala nsalu zakuda atakhala chete kunja kwa nkhalango: zimenezi zinganene zambiri popanda kuponda posapondedwa. Wofuna nkhaniyi ayambe wakhala pansi ndi akuluakulu a ku Khulubvi ndi a kwa Lundu ku Mbewe, amve chimene chingaoneke ndi chimene sichingaoneke. Adzapeza kuti malire amene iwo angamuikire sali kutali ndi amene Cocteau ndi Cissé anadziikira okha.

Zotsalazo chigwa chimapereka chaulere. Dzuwa la mu Okutobala limavinitsa mpweya pamwamba pa msewu mpaka munthu wobwera patali kuoneka ngati akuyenda m'malere. Kuli migwalangwa, malambe, mabwato olowa m'mabango a ku Ndindi ndi a dambo la Elephant Marsh, ndi mapiri a ku Thyolo otchinga kummawa. Shemu Joyah anaonetsa mu The Last Fishing Boat ya mu 2012 kuti malo a kwathu, akajambulidwa modekha, amanyamula nkhani. Khutu nalo lipatsidwe zake. Valimba ndi ng'oma za likhuba zingachite ntchito imene ena amalembera gulu lonse la oimba ndi zeze za ku Ulaya, ndipo osewera alankhule Chimang'anja ndi Chisena cha pamudzi, osati Chichewa cha nkhani za pawailesi.

Disney mwiniwake anaona malire a njira yake. Mu Snow White ya mu 2025, anzake a mtsikanayo asanu ndi awiri aja anapangidwa pakompyuta, oonera ambiri sanawalandire, ndipo filimuyo sinabweze ndalama monga kampani inkayembekezera. Ngati chuma chonsecho chikulephera kugula chikhulupiriro cha woonera, wojambula wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje alibe chifukwa chopikisana nawo pa kuonetsa. Asanabwereke kamera, asanasonkhanitse osewera, atenge pepala alembe zinthu zimene filimu yake sidzaonetsa, ndipo pa chilichonse alembe nkhope, phokoso kapena malo amene adzaimire chinthucho. Pepala limenelo likalembeka bwino, theka la filimu latha.