Mwambo wa yani? Funso lochokera ku Battlefields

Munthu akamadutsa pa Battlefields, pamsewu wa Harare ndi Bulawayo kumwera kwa Kadoma, angaganize kuti pamalopa panamenyedwa nkhondo yoopsa. Ayi ndithu. Azungu okumba golide ndiwo ankatcha migodi yawo mayina a nkhondo zakutali monga Trafalgar ndi Tel-el-Kebir. Mwana wa fomu 2 atatumidwa kukafufuza yekha gwero la dzinali, angabwereko atadziwa za utsamunda kuposa zimene angalowezere m'buku teremu yonse.

Apa m'pamene ndikuyezera silabasi yatsopano ya Zimbabwe, ya Heritage-Based Curriculum, imene inayamba mu 2024. Inachotsa CALA, ntchito zija zimene kuyambira mu 2021 zinkalemetsa makolo mpaka ena kumagula zolembalemba kale, n'kuikapo mapulojekiti ochitira kusukulu. Apa boma linachita bwino. Koma kusintha dzina la ntchito sikusintha yemwe akufunsa funso. Mphunzitsi akapereka mutu, njira ndi yankho lomwe, mwanayo sakufufuza, akungokopera ndi manja odetsedwa.

Chondivuta kwambiri ndi mawu oti mwambo. M'makomboni a migodi ya Cam and Motor ndi Dalny, ndiponso ku Chegutu kumene kunali fakitale ya nsalu ya David Whitehead, muli zidzukulu za matchona ochokera ku Nyasaland, Chipata ndi Tete. Agogo awo ena anabwera wapansi, ena pa Ulere, ena kudzera ku Mthandizi. Gule Wamkulu amatulukabe kumeneko, anzawo achishona n'kumati zvigure. Malamulo a dziko a 2013 amachiwerengera Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe mwana wa kukomboni akamva za mwambo m'kalasi, kawirikawiri amamva za Great Zimbabwe ndi Mbuya Nehanda, n'kuona ngati agogo ake alibe mbiri.

Charles van Onselen analemba za chibalo cha m'migodi m'buku lake Chibaro mu 1976, koma analekezera mu 1933. Zotsatira zake zili m'mitu ya nkhalamba zimene zikutha chaka ndi chaka. Pulojekiti yake siifuna basi kapena intaneti: kope, pensulo, ndi mwana wogwada n'kunena kuti, "Agogo, munawoloka bwanji Zambezi?" Chovuta n'chakuti yankho lidzabwera m'Chichewa, lidzatchula malipiro ochepa, chifuwa cha m'mgodi ndi chitupa cholembedwa kuti mlendo. Wochonga mayeso ali ndi malo olembapo malikisi a zimenezo?