Luso lowerenga mantha a mnzako

Ukaima pamchenga wa ku Senga Bay kunja kutayera, kutsidya umaona mapiri a kwa Makanjira. Dera limenelo ndi la Malawi ngakhale lili kum'mawa kwa nyanja. Gombe la Mozambique limayambira chakumpoto pang'ono, malinga ndi pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891. Mmisiri wa malire amenewa anali Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain, yemwe nyanjayi sanaione ndi maso.

Luso lake linali kudziwa chimene chikumusowetsa tulo mnzake. Apwitikizi ankafuna dziko lonse kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique, ndipo mu 1889 asilikali awo otsogozedwa ndi Serpa Pinto anathira nkhondo Amakololo kuchigwa cha Shire. Salisbury anaona kuti Portugal sangalimbane ndi zombo zankhondo za Britain. Pa 11 Januwale 1890 anawalamula kuti achotse asilikali awo, ndipo anachotsadi.

Ajeremani sakanaopsezeka motero, choncho anawalowera kwina. Iwo ankakumba ngalande ya Kiel yodutsamo zombo zawo, koma kachilumba ka Heligoland, koyang'anana ndi khomo la ngalandeyo, kanali m'manja mwa Britain. Kwa Angerezi kanali kopanda phindu lenileni, pomwe Ajeremani ankaopa kuti mdani adzawatsekera njira ali pamenepo. Salisbury anakapereka, iwo namusiyira Zanzibar ndi Uganda. Anachita ngati katswiri wa bawo amene amadyetsa dzenje limodzi kuti adye mzere wonse.

Ukatswiri weniweni uli m'kalembedwe ka pangano lake ndi Ajeremani la pa 1 Julaye 1890. Malire a dera la Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, anawayendetsa m'mphepete mwa nyanja, kutsata gombe la kum'mawa ndi la kumpoto mpaka pamathiriro a Songwe. Madzi onse anatsalira mbali ino. Mawu ochepawo ndiwo amene Malawi amatsamira pamkangano wake ndi Tanzania, umene unabuka mu 1967 ndi kuyambiranso mu 2012.

Eni nyanja sanafunsidwe, ndipo mfumu Makanjira inakana ndi mfuti kwa zaka zingapo. Chilungamo panalibe, koma luso linalipo, ndipo ndi lofunika kuliphunzira. Lero America ndi China akupikisana mu Africa, aliyense ndi mantha ake. Akazembe athu aziyamba adziwa mantha amenewo asanakhale pansi kukambirana, ndipo liwu lililonse la pangano aziliyeza asanasaine.