Khutu ndi manja a mkonzi wa pologalamu m'Chigwa cha Shire

Pa wayilesi timamva mawu a muulutsi, koma pologalamu ya mphindi 30 imene imatikomerayo imasokedwa ndi munthu wina amene samveka n'komwe. Ameneyu ndi mkonzi wa pologalamu. Luso lake limaoneka bwino mukatsetsereka naye mapiri a Chikwawa, kudutsa pa Thabwa, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, iye akukajambula oimba valimba kumudzi.

Sayamba ndi makina ayi. Amayamba wakaonekera kwa anyakwawa, kulonjera ndi kufotokoza chimene wadzera. Akamuloleza, amafunafuna malo. Nyumba yamalata saifuna, chifukwa mawu amagunda pakhoma ndi padenga n'kubwerera, ndipo m'makina amamveka ngati awiriawiri. Amasankha pansi pa mtengo wamthunzi, kutali ndi chigayo komanso msewu wa njinga zamoto. Pamenepo amaima duu, osayankhula, akumvetsera. Khutu lathu linazolowera kutaya phokoso la tambala, mbuzi ndi mpope wa pa mjigo, koma maikolofoni sataya kanthu, amatola zonse mofanana. Nthawinso amaiwerengera. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Bangula kumapitirira madigiri 40, choncho amajambula m'mawa, oimba asanafooke.

Valimba ndi chida chovuta kuchijambula, ndipo apa mpamene ine ndimagoma naye mkonzi. Ndi mitengo yosema yoyalidwa motsatana, kuyambira yaikulu ya mawu abesi mpaka yaing'ono ya mawu okwera. Pansi pa mtengo uliwonse pamalendewera chikho cholingana ndi liwu la mtengowo. Pambali pa chikho amaboola kabowo n'kumatapo kachikopa kopyapyala kwambiri, kale ka chisa cha kangaude, lero nthawi zambiri kapepala ka pulasitiki. Mtengo ukamenyedwa, mpweya wa m'chikho umanjenjemeretsa kachikopako, ndipo liwu limatuluka ndi kunyenyera kwake. Wosadziwa angayese kuti makina akuwonongeka. Mkonzi wodziwa amakusaka kunyenyerako, poti ndi kumene kumachititsa valimba kukhala valimba. Nchifukwa chake saika maikolofoni pamwamba pokha, pomwe angangotola kugogoda kwa timitengo. Amagwada n'kuwatsitsa cham'mbali, moyang'ana zikho, kenako amawasuntha pang'onopang'ono, mahedifoni ali kukhutu, kufikira besi ndi mawu okwera atamveka molingana.

Chida chimodzichi amachiimba anthu atatu, ndipo pambali pamakhala ng'oma yaing'ono yotchedwa gaka ndi nkhocho zogwedeza. Ng'oma ili ndi mphamvu yomeza zonse. Mkonzi sauza wang'oma kuti aziimba mofatsa, chifukwa kutero n'kupha gule. Amangomupempha mwaulemu kuti asunthire kumbuyo mapazi angapo. Woyambitsa nyimbo amamuyandikizitsa, oyankha amawaika mozungulira chapatali. Asanakhudze batani lililonse amakhala atasakaniza kale mawu pongosintha poima anthu.

Kenako amayesa mlingo wa mawu. Pa makina pali timagetsi tosonyeza kukula kwa phokoso: tobiriwira ndiye kuti zili bwino, tofiira ndiye kuti mawu asweka, ndipo mawu osweka amavuta kukonza ngakhale pa kompyuta. Amadziwa kuti nyimbo ikafika pakolasinga amayi adzaimba nthungululu, choncho amasiyiratu mpata. Maikolofoni amawaveka kachipewa ka siponji kapena ubweya kuti mphepo isawombemo. Nyimbo ikatha amakweza dzanja, onse n'kukhala chete kwa mphindi imodzi, iye akujambula phokoso la malowo lokha: mbalame, masamba, ana akutali. Adzalifuna pokonza.

Pofunsa mafunso, maikolofoni amakhala patali ngati chikhatho chimodzi kuchoka pakamwa pa woyankha, chapambali pang'ono kuti mpweya wa zilembo monga p usaphulikiremo. Mkonzi sanena kuti "eya" kapena "zoona", amangogwedeza mutu, popeza mawu ake akalowa pakati pa a mnzake kudula kumavuta. Amawasiya agogo ayankhule Chisena kapena Chimang'anja chawo. Izitu sizinali zapafupi kale: kuyambira 1968 wayilesi ya MBC inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi mokha, ndipo nkhani za m'Chisena zinadzayamba kumveka mu 1996.

Kukonza kwenikweni kumachitika atabwerera. Akale, amene anasonkhanitsa nyimbo zomwe timamva pa pologalamu ya Nyimbo za M'maboma, ankagwira ntchito ndi matepi a pa mawilo. Pa liwiro lomwe ankaligwiritsa ntchito kawirikawiri, sekondi imodzi ya mawu inkatenga masentimita 19 a tepi. Mkonzi ankazunguza mawilo awiriwo ndi manja, uku ndi uku, kumvetsera pomwe liwu likuyambira, n'kuika chizindikiro ndi pensulo. Ankadula ndi lezala mopendeketsa kuti polumikiza pasamveke kuthetheka, n'kumata ndi kazomatira koonda. Lero mawu amaoneka pa kompyuta ngati mizere yokwera ndi yotsika, ndipo ukalakwitsa umabweza. Koma khutu lofunika ndi lomwelo. Amachotsa chifuwa ndi kubwerezabwereza, koma mpweya umene munthu amakoka asanayankhule amausiya, apo ayi agogo aja amveka ngati makina. Pamene wadula, amayala pansi phokoso la malo lija kuti msoko usamveke. Nyimbo saidula paliponse, amadikira pomwe mzere wa ng'oma wazungulira n'kubwerera poyambira.

Munthu yemweyu mawa lake amakhala pa zina. Akhoza kukhala m'munda wa thonje akufunsa za mbozi, kapena m'bwato ku Elephant Marsh ndi asodzi, kapena ku Khulubvi kumva za Mbona, komwe ayenera kudziwa zomwe sizijambulidwa. Nyengo ya mvula ikafika, amatenga uthenga wa azanyengo wodzaza ndi mamilimita n'kuusandutsa mawu oti mayi wa ku Makhanga amve kamodzi n'kunyamula ana. Amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kulemera kwa chiganizo chachifupi chomveka bwino. Chidwi chofalikira chotere si kuyendayenda kwa maganizo. Funso labwino limachokera kwa munthu amene anaphunzirako kale za chinthucho.

Ntchito yomaliza ndi yosaoneka kuposa zonse: kulemba dzina la woimba, mudzi, tsiku ndi tanthauzo la nyimbo. Hugh Tracey anajambula ng'oma za likhuba m'boma la Port Herald, lomwe lero ndi Nsanje, mu 1958, ndipo zikupezekabe ku International Library of African Music ku South Africa chifukwa analemba zonsezi. A Waliko Makhala, omwe panthawiyo anali mkonzi wa ku MBC komanso wofufuza za nyimbo zamakolo, anagwira ntchito ndi Sigbjørn Nedland wa ku Norway posamutsira matepi akale a MBC pa kompyuta asanawonongeke.

Achinyamata amene mukukonza mapologalamu ku Gaka FM ndi ku Nyanthepa, musafufute zomwe mwajambula pologalamu ikangoulutsidwa. Zilembeni mayina, zisungeni malo awiri osiyana, ndipo amodzi mwa malowo akhale okwera, pomwe madzi safika.