Kompyuta imawerenga zokhazo zimene yapatsidwa

Labotale yoyeza zotupa ya pa chipatala cha Kamuzu Central, yomwe inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, imajambula tizidutswa ta zotupa n'kutumiza zithunzizo pa intaneti kuti akatswiri a ku North Carolina azionenso. Ena akuti chotsatira n'chakuti kompyuta iziwerenga yokha maselo, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga QuPath, yomwe ndi yaulere.

Ganizoli lili ndi maziko. Powerenga Ki-67, chizindikiro cha liwiro limene maselo a khansa akuchulukana, madokotala awiri amatha kusiyana pa galasi limodzi lomwelo. Kompyuta siitopa, ndipo ikabwereza imapeza chimodzimodzi.

Koma kafukufuku wambiri woyamikira njirayi ali ndi chofooka chimodzi: amayerekeza kompyuta ndi dokotala pa galasi lomwe lakonzedwa kale. Ngati kachidutswako kanawonongeka kasanafike, onse awiri amagwirizana pa yankho lolakwika.

Taganizirani mayi wa kwa Lukwa amene wadikira ndalama za fodya wa ku Chinkhoma kuti akaonetse chotupa cha m'bere. Kachidutswa kake kakachotsedwa ku Kasungu, kali ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kukafika ku Lilongwe. Malangizo a ASCO ndi CAP amati kalowe m'mankhwala a formalin pasanathe ola limodzi, ndipo kakhalemo maola 6 mpaka 72. Kakachedwa kulowamo, chizindikiro cha ER chimazilala. Kompyuta idzapereka nambala yooneka yodalirika yoti ER palibe, ndipo mayiyo akhoza kumanidwa tamoxifen, mapiritsi otsika mtengo amene akanamuthandiza.

Choncho kuyesa njirayi m'Malawi kuyambire kuchipatala cha m'boma, osati pa kompyuta. Fomu iliyonse izionetsa nthawi imene kachidutswa kanachotsedwa, imene kanalowa mu formalin ndi imene kanatulukamo. Pulogalamu isapereke yankho loti ER palibe dokotala asanaone ngati maselo abwinobwino a bere pa galasilo agwira utoto, popeza ndiwo umboni wakuti kuyezako kwayenda bwino. Ofufuza azifotokozanso padera zotsatira za tizidutswa tochokera m'maboma ndi tochotsedwa ku Lilongwe komweko.

Wotchi, cholembera ndi formalin wokwanira n'zotsika mtengo kuposa makina ojambulira magalasi, koma popanda izo nambala ya kompyuta singathandize mayi wa kwa Lukwa.