Mzinda Wogona Pamodzi ndi Nkhuku

Pamene likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mzinda watsopanowu unali utajambulidwa kale papepala. Bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, linagawa malo m'zigawo zamanambala: kwina kwa maofesi, kwina kwa mafakitale, kwina kogona anthu. Masana dongosololi limaoneka laluso. Chilema chake chimaonekera dzuwa likapita kwa make.

Ku City Centre kumagona alonda. Nthawi yoweruka ikakwana, makalaliki, amesenjala ndi osesa onse amathamangira maminibasi a ku Kawale, Biwi, Area 23, Area 25 ndi Chinsapo, ndipo misewu yotakata ija imangoti zii ngati kumanda. Munthu wochedwa pantchito amayenda akucheukacheuka.

Nkhani ya chitetezo cha usiku ikabuka, ambiri amafulumira kutchula magetsi a mumsewu. Sakulakwa ayi. Koma nyalizo zimaunikira yani? Zambiri zimaimikidwa m'misewu ikuluikulu, momwe mumadutsa eni magalimoto, anthu amene ali kale ndi nyali zawo kutsogolo. Mayi wogulitsa tomato akatsika minibasi ku Mgona kapena ku Chinsapo, ulendo wake woopsa ndi pomwe wayamba: tinjira ta fumbi, ngalande zosavindikira, ndalama ya tsiku lonse itamangidwa pansonga ya chitenje. Nayonso nyali yodalira mphamvu ya ESCOM njosadalirika. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu 2022, kuthima kwa magetsi kunasanduka chizolowezi kwa miyezi yambiri.

Chachikulu chimene amapulani anachiphonya n'chakuti mbava imaopa maso a anthu kuposa kuwala. Pasiteji pamene pali wootcha chimanga, wokazinga tchipisi pachiwaya ndi anyamata a kabaza odikira okwera, mlendo sanjenjemera. Paja kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Boma litachotsa mavenda m'misewu mu 2006, misewu inayera ndithu, koma mboni zinachoka nawo limodzi.

Khonsolo ya mzinda ikanachita bwino kupatsa amalonda a usikuwa malo odziwika pafupi ndi masiteji, nyali zoyendera dzuwa ndi zimbudzi, kenaka n'kukambirana ndi eni maminibasi kuti ulendo womaliza wa ku Area 25 usamanyamuke anthu asanatseke mashopu.