Chigaŵenga Chokondedwa: Maganizo pa Kanema wa "The Harder They Come"

Nyimbo za reggae zimene zimamveka m'misika ya ku Ndirande ndi ku Bangwe zinafalikira m'maiko ambiri mothandizidwa ndi kanema wa ku Jamaica wotchedwa The Harder They Come, amene Perry Henzell anatulutsa m'chaka cha 1972. Jimmy Cliff anaseŵeramo ngati Ivan, mnyamata wakumudzi amene angofika mumzinda wa Kingston naberedwa katundu tsiku lomwelo. Gwero la nkhaniyi ndi moyo wa Rhyging, chigaŵenga chimene apolisi anachipha mu 1948.

Ubwino wa kanemayu ndi wakuti sanama za umphaŵi. Ivan sanabadwe wakupha. Apempha ntchito, amkaniza. Aimba nyimbo yokoma, mwini situdiyo ampatsa madola 20 okha. Aloŵa malonda a chamba, napeza kuti apolisi amadya nawo. Pano tikumbukira chiphunzitso cha Augustine Woyera chakuti ulamuliro wosoŵa chilungamo susiyana ndi gulu la achifwamba. Chotilasa mtima koposa ife ansembe ndi mlaliki wa m'nkhaniyi, amene asunga Ivan pakhomo pake osamuyesa mwana, namthamangitsa atachita nsanje pa mtsikana Elsa. Wansembe wotumikira ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa adzifunse: kodi mnyamata wotere amapeza chiyani akagogoda pakhomo la parishi?

Komabe kanemayu ali ndi chilema. Apolisi amene Ivan awaombera sitiwadziŵa maina, sitiona amasiye owalira, pamene iye ajambulitsa zithunzi atanyamula mfuti ziŵiri, nyimbo zokoma zikumperekeza. Henzell anaiona ngoziyi. Poyamba ationetsa Ivan akuonerera kanema wa Django. Pomaliza, Ivan akuyang'anizana ndi imfa pagombe, tionanso khamu la oonerera likumkuwirira ngati ngwazi. Tanthauzo lake nlakuti mnyamatayu anafera ulemu wobwereka. Koma chenjezoli ndi lofooka poyerekeza ndi kukoma kwa nyimbo, kotero wachinyamata angathe kutuluka atasirira mfuti, osati atamva ludzu la chilungamo.

Kuletsa kanemayu sikungatithandize. Nkwabwino kumuonera pamodzi ndi achinyamata, ndi kukambirana nawo. Ivan anafuna kuti manyuzipepala amkumbukire. Chigaŵenga cha pa Kalvare nachonso chinapempha kukumbukiridwa (Luka 23:39-43), koma chinayamba chavomera mlandu wake, chinapempha kwa Ambuye, ndipo chinayankhidwa tsiku lomwelo.