Wokonza kanema asamamve chisoni podula

Masiku ano kamera si vutonso. Loweruka lililonse, kaya ndi pa chinkhoswe ku Mpingwe kapena pa ukwati ku Bangwe, mupezapo anyamata awiri atatu atakolekera makamera abwino, wina akuulutsa droni pamwamba pa tchalitchi. Zithunzi zimatuluka zowala bwino ndithu. Koma kanemayo akafika kwa eni ake amangoonedwa kamodzi, mwinanso osafika naye kumapeto. Zinthu zimalakwikira pa kompyuta, pamene zojambulazo zimadulidwa ndi kulumikizidwa.

Nthenda yathu yaikulu ndi chisoni. Wokonza safuna kutaya kanthu. Perekaniperekani akatenga maola atatu muholo, mukanemanso atenga maola atatu, ndipo aliyense woponya K500 aoneka kuyambira ponyamuka pampando mpaka pobwerera. Chifukwa chake n'chomveka: azakhali a mkwatibwi akasowa mukanema, mlandu ugwera wojambula, ndipo ndalama yotsala ija sailandira. Komatu njira ilipo. Perekani makanema awiri, wautali wosungira chikumbutso, ndi wina wa mphindi 15 woti anthu azionera mosangalala.

Choipa n'chakuti chizolowezichi chalowa m'mafilimu. Munthu atseka chitseko, ayenda mpaka pasiteji, akwera minibasi, alipira, atsika mu Limbe, ayendanso, ndipo zonsezi tizionera ngati kuti sitinakwerepo minibasi. Woonera anadziwa kale kuti munthuyu akupita kutauni pomwe anatenga chikwama. Zina mwa izi tinatengera mafilimu a ku Nigeria a pa VCD amene anadzaza misika yathu zaka za m'ma 2000, omwe ankatalikitsidwa dala kuti pagulitsidwe gawo loyamba ndi lachiwiri. Iwo anali ndi chifukwa cha malonda. Ife tilibe. Mayi amene akumvera chisoni madeya popeta, ufa wake suyera.

Walter Murch, amene analandira mphoto ziwiri za Oscar mu 1997 chifukwa cha filimu ya The English Patient, ina ya kulumikiza zithunzi ndi ina ya mawu, anandandalika zinthu zisanu ndi chimodzi zoganizira podula. Pamwamba anaika mmene woonera akumvera mumtima, ndipo anazipatsa 51 pa 100 alionse. Nkhani inabwera pachiwiri. Kukongola kwa chithunzi pakokha sanakutchule n'komwe. Apa m'pamene amagwa wotsogolera filimu amene amadzikonzera yekha ntchito yake, monga achitira ambiri kuno chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Iye amakumbukira kuti anadzuka mbandakucha kukwera phiri la Mpingwe kuti ajambule dzuwa likutuluka, ndiye kutaya chithunzicho kumamuwawa. Woonera thukutalo salidziwa, akungoona dzuwa lochedwetsa nkhani.

Tsopano za mawu, zomwe ine ndimaona kuti ndiye zimapha makanema athu kuposa china chilichonse. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma akalephera kumva zomwe zikukambidwa amazimitsa. Kujambulira mu Limbe ndi nkhondo: oyitanira akukuwa, njinga zamoto za kabaza zikudutsa, jenereta ya pashopu yoyandikana ikulira. Mukadula pakati pa anthu awiri ojambulidwa nthawi zosiyana, phokoso la kumbuyo limadumpha, ndipo khutu limagwira msokowo diso lisanaone. Mankhwala ake ngotsika mtengo. Musanachoke pamalopo, onse akhale chete kwa mphindi imodzi, mujambule phokoso la malowo lokha, kuti mudzaliyale pansi pa zokambirana zonse. Pomwe mawu aonongekeratu, itanani wosewerayo adzabwereze m'chipinda chabata akuyang'ana milomo yake. Ndipo mawu a gawo lotsatira azilowa pang'ono chithunzi chake chisanafike. Msika uyambe kumveka tikadali m'nyumba, kuti woonera asamve kugwedezeka.

Nanga nyimbo? Ambiri amaithira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mokweza, kuti ibise zolakwika. Pamaliro piyano, pachikondi piyano yomweyo. The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah inapata mphoto ya nyimbo za mufilimu ku Africa Movie Academy Awards mu 2013, umboni wakuti akunja amatchera khutu ku ntchito yathu. M'makanema a makwaya vuto ndi lina: milomo ikutseka pamene mawu akadayimba. Izi n'zokonzeka pa mphindi zochepa, kungoti wina sanafune kubwererapo.

Za mitundu ndingonenapo pang'ono. Zokometsera zokonzeratu zomwe achinyamata amatsitsa pa intaneti zambiri sizinapangidwire khungu lathu. Mkwatibwi wakuda bwino amatuluka wofiira ngati njerwa kapena wotuwa. Yambani mwakonza nkhope, diresi loyera ndi thambo zibwere pambuyo. Pulogalamu ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira ntchitoyi, choncho za mtengo tisanamizire. Zija zotembenuza zithunzi, zothwanima ndi zogudubuzika, zomwe tinazolowera m'mavidiyo a nyimbo wailesi ya kanema ya TVM itangoyamba mu 1999 ndipo zabwereranso ndi pulogalamu ya CapCut, zisiyeni. Kudula kwachindunji kumakwana pafupifupi paliponse.

Kuti Amalawi angathe, palibe wotsutsa. Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapambana ngati filimu yabwino ya kummwera kwa Africa ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016, ndipo The Road to Sunrise ya Joyah inatenga mphoto yomweyo mu 2018. Koma mafilimu otere ndi owerengeka, ndipo ntchito zambiri zotuluka mu Blantyre zimakonzedwa usiku umodzi, magetsi akuopseza kuzima, mwini wake akuimba foni kuti akufuna kuiponya pa Facebook mawa.

Inu olipira, pogawa ndalama musamalizire zonse pa kamera ndi droni. Wokonza mupatseni yake ndi masiku okwanira. Inu okonza, musanapereke ntchito, ionetseni pa foni wamba kwa munthu amene sanalipo pojambula, chifukwa ambiri adzaionera pa foni pomwepo itadutsa pa WhatsApp. Muyang'aneni nkhope. Pomwe wayamba kuyang'ana kumbali, bwererani mukadule pamenepo.